Mawu a akulu akoma akagonera: Agide, gitala ndi situdiyo

 Mwezi uno patsamba la mbiri tikambirana za nyimbo. Sitikunena zimene zatuluka sabata yathayi ayi, koma za oyimba amene analowa mu situdiyo imvi zili mbuu, n'kutulukamo ndi chinthu choti dziko lonse linatchera khutu.

Mu Januwale 2022, atolankhani akunja analemba kuti nyimbo ya Linny Hoo ya a Giddes Chalamanda yaonedwa maulendo oposa 80 miliyoni pa TikTok. Achinyamata a m'mayiko akutali, oti Chichewa sachidziwa ngakhale liwu limodzi, ankavina nyimboyo. Mwiniwake anali ndi zaka 92, akukhala kumudzi kwawo ku Chiradzulu, ndipo malipoti a nthawiyo anati analibe foni yamakono komanso m'nyumba mwawo munalibe magetsi. Nyimboyo anaipeka zaka zoposa 20 m'mbuyomo, kuimbira mwana wawo wamkazi. Ambirife tinaivina, ena mpaka tinajambula timavidiyo. Koma ndi angati anadzifunsa kuti zinatheka bwanji kuti munthu woyimba moyo wake wonse adzamveke chonchi atakwanitsa zaka 90? Yankho lake ndi lalitali, ndipo likuyambira kutali.

Gitala ndi banjo zinafika bwanji kuno?

Makolo athu anali ndi zoimbira zawo kalekale: bangwe, kaligo, sansi, mangolongondo ndi ng'oma zamitundumitundu. Banjo ndi gitala zinafala kwambiri nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945. Asilikali a King's African Rifles, aja agogo amawatchula kuti a Keyala, anabwerera kumudzi ataona ndi kumva zambiri. Enanso anali amuna opita kumigodi ya ku South Africa kudzera ku Wenela, ndi opita kumafamu ndi m'matauni a ku Southern Rhodesia. Pobwera ankanyamula njinga, bulangeti, jekete, ndipo wamwayi ankabwera ndi galamafoni ndi mbale zake. Amene analibe ndalama yogulira gitala ankapanga yekha: chigubu cha mafuta, thabwa, ndi mawaya a mabuleki a njinga. Basi, bandi yayamba.

Chosangalatsa n'choti banjo si yachilendo kwenikweni kwa munthu wakuda. Inachokera ku zoimbira za zingwe za ku West Africa, zimene akapolo anapita nazo ku Caribbean ndi ku America. Azungu a kumeneko anaitengera, inalowa m'nyimbo zawo zakumudzi, ndipo patapita zaka zambiri inabwerera ku Africa itavala jekete lina. Ndiye mukamva mkulu wina akukhwatcha banjo pamsika, dziwani kuti chinthucho chinangozungulira n'kubwerera kwawo.

Wailesi nayo inathandiza. Nthawi ya atsamunda, siteshoni ya ku Lusaka inkaulutsa mawu m'Chinyanja ndi m'zilankhulo zina kufikira kuno ku Nyasaland. Kuyambira 1949 kunabwera kawailesi kotchipa ka batire kotchedwa Saucepan Special, chifukwa kankaoneka ngati sefuliya. Pa siteshoni imeneyo pankagwira ntchito Alick Nkhata, woyimba wa ku Zambia amene ankaimba ndi gitala m'Chibemba ndi m'Chinyanja, ndipo kaimbidwe kake kankamveka kuti mwiniwake wamverapo nyimbo za anyamata oweta ng'ombe a ku America.

N'chifukwa chiyani agogo amakonda country?

Funso limeneli ambirife timaseka nalo. Mkulu woti Chingerezi amangochitola apa ndi apo, koma akamva Jim Reeves kapena Don Williams amati aliyense akhale chete. Nkhani yake ndi yakale kuposa mmene timaganizira.

Mmodzi mwa amene anayambitsa country ngati nyimbo zogulitsa pa mbale anali Jimmie Rodgers, amene poyamba ankagwira ntchito kunjanji. Mbale zake zinafika mpaka ku Africa kuno. Mu 1950, Hugh Tracey, mzungu amene ankayenda ndi makina ojambulira m'mayiko ambiri kuphatikizapo Nyasaland, anapeza anthu a mtundu wa Kipsigis ku Kenya akuimba nyimbo yotchedwa Chemirocha, lomwe ndi dzina la Jimmie Rodgers m'katchulidwe kawo. Munthuyu ndiyenso anasiya chitsanzo choyamba cha nkhani yathu ya lero. Mu Meyi 1933, akudwala kwambiri chifuwa chachikulu, anapita ku New York kukajambula. Ankati akaimba nyimbo imodzi, n'kukagona kaye pakabedi mu situdiyo momwemo kuti apeze mphamvu. Anamwalira patangopita masiku awiri atajambula nyimbo yomaliza. Ankadziwa kuti nthawi yatha, ndipo anafuna kusiyira banja lake kenakake.

Jim Reeves anafika ku South Africa mu 1962 ndi 1963, nthawi imene Amalawi ambirimbiri anali kumigodi. Anamwalira pa ngozi ya ndege pa 31 Julayi 1964, patangodutsa masabata ochepa dziko lathu litalandira ufulu pa 6 Julayi. Chaka chomwecho ndi chimene MBC inayamba, ndipo mawu ake anapitirira kumveka pa wailesi kwa zaka zambiri mwiniwake ali m'manda. Pambuyo pake kunabwera Kenny Rogers, Dolly Parton ndi Don Williams, amene mu 1997 anadzaimba ku Harare anthu n'kudzaza.

Chimene chinakopa makolo athu sichovuta kuchiona. Nyimbozo zimayenda pang'onopang'ono, mawu amamveka bwino, ndipo nkhani zake ndi za munthu wamba: kusowa kwawo uli kutali, mkazi amene wakusiya, ngongole, mayi, Mulungu, imfa. Kwa mtchona amene watha zaka zisanu osaona phiri la Mulanje, kapena kwa bambo wothyola tiyi ku esiteti kuyambira m'bandakucha, nkhani zimenezo sizinali za ku Texas zokha. Zinali zake.

Tisanamizane, Agide si woyimba country ngati wa ku Nashville. Kamenyedwe kawo ka gitala n'kakuno, kochokera ku magule ndi ku banjo za m'midzi ya kum'mwera. Koma ntchito yake ndi imodzimodzi: munthu mmodzi, gitala imodzi, nyimbo yopeka yekha yonena za anthu a pamudzi. Ndi pachibale, kungoti anakulira kosiyana.

Kuimba kunali kosavuta, kujambula ndiye ayi

Apa ndi pamene pagona nkhani. Ku America woyimba akatchuka, kampani inkamusainitsa n'kumamutulutsira chimbale chaka ndi chaka. Kuno, kwa zaka zambiri ufulu utabwera, khomo lalikulu lojambulira linali limodzi: MBC ku Blantyre. Woyimba ankapita kapena kupezedwa ndi antchito a wailesi, n'kuimba, tepi n'kutsala ku wailesi komweko. Dzina linkamveka kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa, koma munthuyo ankabwerera kwawo wapansi. Dziko lonse linkadziwa mawu ake koma nkhope ayi, poti wailesi yakanema ya dziko lino inayamba mu 1999. Komanso nthawi ya chipani chimodzi, nyimbo inkayenera kudutsa kaye m'manja mwa oyang'anira, ndiye oyimba anaphunzira kubisa nkhani m'miyambi ndi m'nthabwala.

Makaseti atafala, zinthu zinasinthako. Masitudiyo ang'onoang'ono anatsegulidwa, monga ya Paul Banda ku Balaka, ndipo ku Limbe sitolo ya O.G. Issa inkagulitsa makaseti a oyimba akuno m'dziko lonse. Koma msika unkafuna kiyibodi, reggae ndi nyimbo zauzimu. Mkulu wa gitala youma ankaoneka wachikale. Ambiri a iwo anatsala akuimba m'misika, m'mabala ndi pamadepoti a basi, anthu n'kumaponya makobidi m'mbale.

Taganizani za Allan Namoko wa ku Thyolo, neba wathu weniweni. Anali wosaona, ankaimba ndi banjo m'Chichewa ndi m'Chilhomwe pamodzi ndi Chimvu River Jazz Band, zipangizo zawo zambiri zili zopanga okha. Nyimbo ngati Lameki ndi Achilekwa mpaka lero zikamveka anthu amadzuka. Chimbale chake chotchedwa Ana Osiidwa chinatuluka mu 1992 kudzera ku Pamtondo, kampani yaing'ono imene Dr John Lwanda anayambitsa ali ku Scotland pofuna kusunga nyimbo za kwathu. Namoko anamwalira mu 1995 asanakwanitse n'komwe zaka 40. Chimbalecho chikanachedwa ndi zaka zitatu zokha, bwenzi kulibe.

Abale awiri a ku Chileka, Daniel ndi Donald Kachamba, anakumana ndi Gerhard Kubik, katswiri wa nyimbo wa ku Austria, mu 1967 akuimba mumsewu ku Blantyre. Kukumana kumeneko kunawatsegulira njira ya ku Ulaya, ndipo nyimbo zawo zinajambulidwa n'kusungidwa bwino. Daniel anamwalira mu 1987. Donald anakaphunzitsa pa yunivesite ya UCLA ku America mu 1999, anajambula ndi ophunzira ake, n'kumwalira mu 2001. Mukuona mmene zikuyendera? Pafupifupi nthawi zonse pamafunika munthu wina woti aime, amvetsere, n'kunena kuti izi zisatayike. Amene sanakumane ndi munthu wotero, nyimbo zawo zinalowa nawo m'manda.

Ulendo wa Agide

A Giddes Chalamanda anabadwa pa 15 Januwale 1930 ku Chiradzulu. Werengani bwino chaka chimenecho. Jimmie Rodgers akujambula komaliza, iwo anali ndi zaka zitatu. Malawi akulandira ufulu, anali bambo wa zaka 34. Anaimba nthawi ya atsamunda, ya Kamuzu, ndi ya mapulezidenti onse obwera pambuyo. Nyimbo zawo monga Che Meli ndi Buffalo Soldier, yawoyawo osati ya Bob Marley ija, zinkadziwika, koma kutchukako sikunasinthe kwenikweni moyo wa pakhomo.

Mu Buffalo Soldier ankanena za khumbo lawo lokaona America. Anthu ankaimba nawo n'kumaseka, poganiza kuti ndi maloto a nkhalamba. Koma oyimba awiri, Edgar Kachere ndi Davis Njobvu, aja timawadziwa kuti Edgar ndi Davis, anayamba kuyenda nawo, kuimba nawo pamodzi ndi kuwaika patsogolo m'mashoo. Mu 2016, ali ndi zaka 86, Agide anakweradi ndege n'kukaimba ku Library of Congress mumzinda wa Washington, imodzi mwa nyumba zazikulu kwambiri zosungira mabuku ndi nyimbo padziko lonse.

Kenako mu 2020, Patience Namadingo, amene anabadwa mu 1990, anali pakalikiliki kujambula nyimbo zakale pamodzi ndi eni ake m'kayimbidwe ka reggae. Anachita zimenezi ndi Lucius Banda, Billy Kaunda ndi Black Missionaries. Atafika kwa Agide, panakhala anthu awiri osiyana zaka 60 kutsogolo kwa maikolofoni. Chimene chinapangitsa kuti ntchitoyo ikome n'choti mnyamatayo sanawaphimbe agogowo. Anawasiya aimbe ndi mawu awo omwewo, okalamba, onjenjemera pang'ono, iye n'kumangothira ndemanga ndi kuvomereza. Kanemayo anaonetsanso nkhope yawo ikumwetulira. Kachidutswa ka Linny Hoo kochokera m'menemo ndi kamene kanadzayaka moto pa TikTok chakumapeto kwa 2021.

Za ku America zofanana nazo

Nkhani yotereyi inachitikaponso kwa Johnny Cash, mmodzi mwa akuluakulu a country. Mu 1986 kampani ya Columbia, imene anagwira nayo ntchito pafupifupi zaka 30, inamusiya poona kuti sakugulitsanso. Mawailesi a country ankafuna achinyamata. Amene anamutola anali Rick Rubin, munthu wodziwika ndi nyimbo za rap ndi rock, wamng'ono kwa iye ndi zaka zoposa 30. Rubin sanamubweretsere bandi yaikulu. Anamukhazika pabalaza n'kumuuza kuti aimbe nyimbo zimene amazikonda, ndi gitala yake basi. Chimbale cha American Recordings chinatuluka mu 1994, Cash ali ndi zaka 62, ndipo chinapata mphoto ya Grammy. Anapitiriza kujambula mpaka thupi litafooka. Mu 2002 anatulutsa American IV, momwe muli nyimbo ya Hurt, yopekedwa ndi Trent Reznor wa gulu la Nine Inch Nails. Mawu anali atatha mphamvu, mpweya ukuperewera, koma n'chifukwa chake anthu anaikhulupirira. Anamwalira pa 12 Sepitembala 2003.

Don Williams naye, wokondedwa wa madala athu uja, anapuma mu 2006, n'kubwereranso. Mu 2012 anatulutsa And So It Goes, mu 2014 Reflections, ndipo anamwalira pa 8 Sepitembala 2017 ali ndi zaka 78. Sanayese kuthamangitsana ndi anyamata. Anaimba mofatsa ngati kale.

Mukaika nkhani zimenezi pamodzi, phunziro likuoneka. Munthu wa zaka 25 akamaimba za imfa kapena za kulera mwana, amaimba zimene wamva. Wa zaka 70 kapena 90 amaimba zimene waziona, ndipo khutu limasiyanitsa. Ntchito ya wachinyamata amene ali ndi makina si kumukonza mkuluyo kuti amveke ngati wa lero, koma kumupatsa mpata ndi kuchotsa phokoso.

Koma pali kusiyana kumodzi kowawa. Cash ndi Williams polowa mu situdiyo komaliza anali ndi zimbale zambirimbiri kumbuyo kwawo, mapangano olembedwa, ndi ndalama zobwera nyimbo ikaseweredwa. Chimbale cha kuukalamba chinali chotsekera nkhokwe yodzaza kale. Kwa oyimba athu ambiri, kujambula kwa kuukalamba kumakhala koyamba kumveka bwino, mwinanso komaliza.

Nanga ndalama zimapita kuti?

Ili ndi funso limene achinyamata ofuna kuimba muyenera kulimvetsa. Kuonedwa maulendo 80 miliyoni sikutanthauza kuti makwacha 80 miliyoni alowa m'thumba. Pa nyimbo imodzi pamakhala maufulu osiyana. Pali wa amene anapeka mawu ndi maimbidwe. Pali wa amene anaimba. Palinso wa mwini wa chojambulidwacho, amene nthawi zambiri ndi amene analipira situdiyo. Makampani a pa intaneti amalipira kudzera kwa amene analembetsa nyimboyo kwa iwo. Ngati wopeka sanalembetse paliponse ndipo palibe pepala limene anasainirana, ndalama zimatha kudutsa pamwamba pake ngati mbalame.

Kuno kwathu kuli bungwe la COSOMA, limene linakhazikitsidwa mu 1992 kuti lizitolera ndalama kwa ogwiritsa ntchito nyimbo, monga mawailesi ndi malo azisangalalo, n'kugawira eni ake. Lamulo la zaumwini wa ntchito zaluso linakonzedwanso mu 2016, ndipo limateteza ntchito ya wopeka moyo wake wonse ndi zaka zina 50 atamwalira. Ndiye kuti nyimbo ndi chuma chamasiye, ngati munda. Koma munda wopanda malire odziwika aliyense amalimamo. Ndipo tisaloze chala ena okha. Ifenso tikapita kokabenetsa nyimbo mu memori khadi pamsika, woyimba salandirapo ngakhale tambala.

Kwathu kuno ku Milonde

Dera lathu lili ndi mbiri yoti ikanakhala kwina bwenzi italembedwa mabuku. Makolo a ambirife anawoloka kuchokera ku Mozambique chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa 1900, n'kudzakumana ndi thangata m'minda ya azungu. Ena anapita ku Wenela mpaka pamene Kamuzu analetsa ulendowo mu 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 obwerera kumudzi. M'zaka za m'ma 1980 tinalandira abale othawa nkhondo kudzera ku Muloza. Chilichonse mwa zimenezi chinali ndi nyimbo zake: zothyolera tiyi, za pamtondo, zolira mwamuna amene anatchona, zonyoza kapitawo mosamutchula dzina.

Gule wa tchopa analembedwa ndi UNESCO mu 2014 ngati chuma cha dziko lonse, ndipo chaka chilichonse timaona magule ku Chonde pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe. Zimenezo n'zabwino. Koma gule wa gulu amakhala ndi omulandira ambiri. Nyimbo ya munthu mmodzi, imene anapeka yekha ndi banjo yake mu 1968, ili m'mutu umodzi basi. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anatiphunzitsa kuti nyumba, zithunzi, makaseti ndi anthu omwe zimatha kupita usiku umodzi.

Chimene Hugh Tracey ankanyamula pa galimoto, ife tili nacho m'thumba. Foni wamba ikhoza kujambula mawu omveka bwino kuposa makina ambiri a nthawi imeneyo. Ndiye pempho la tsamba lino ndi ili. Membala aliyense afunse kunyumba ndi kwa aneba: kodi m'mudzi muno ndani ankaimba banjo, gitala, bangwe kapena sansi? Ndi amayi ati amene ankatsogolera nyimbo pamtondo kapena kuchinamwali, zimene n'zololedwa kuimbidwa poyera? Mubweretse mayinawo pamsonkhano wathu ukubwerawu kuti tigawane midzi.

Popita kumeneko tipite mwaulemu. Tiyambe taonana ndi a mfumu ndi a pabanja. Tiwafotokozere agogowo chimene tikufuna, ndipo akakana, nkhani yathera pomwepo. Akalola, tisankhe malo opanda mphepo ndi phokoso la chigayo, foni tiiike pafupi, ndipo tisawadule pakati. Tisanayambe nyimbo, anene okha dzina lawo, mudzi, chaka chimene anaipeka ngati akukumbuka, ndi chimene chinawachititsa. Nthawi zambiri nkhani ya kumbuyo kwa nyimbo imaposa nyimboyo. Tilembe papepala kuti nyimboyo ndi yawo, asaine kapena adinde chala, pepala lina litsale kwa iwo. Tisaike chilichonse pa TikTok kapena pa Facebook asanavomere, ndipo tikaika, dzina lawo likhale pamwamba, osati lathu. Zojambulazo tisunge malo awiri kapena atatu, chifukwa foni imabedwa ndipo memori khadi imafa. Komanso tisapite chimanjamanja. Kasopo ndi kashuga sikalipira nyimbo, koma kamaonetsa kuti tinaleredwa.

Kwa inu amene muli ndi timasitudiyo ta pa laputopu, yesani kuitana mkulu mmodzi m'malo mongojambula anzanu okhaokha. Musathamangire kuthira mabiti. Jambulani kaye mawu ndi gitala zokha, musunge, kenako muzisewera ndi kope lina.

Si gogo aliyense adzafike ku Washington kapena kuvinidwa ndi anthu mamiliyoni, ndipo cholinga si chimenecho. Agide anadikira mpaka zaka 90, ndipo mwayi wake Mulungu anawasunga. Namoko sanafike n'komwe pa 40. Agogo a m'mudzi mwanu sitikudziwa kuti atsala ndi dzinja zingati, ndiye mayina aja tiwafune sabata ino.

 Gawirani anzanu, ndipo ngati mukudziwa woyimba wakale wa kuno kwathu, tiuzeni tikakumana.